Kaseti za ku Balaka, Chisanu cha ku Pyeongchang

Anthu a kuno ku South Korea akamva kuti ndine wa ku Africa, amayamba kundidandaulira za kuzizira. Ndimawauza kuti kwathu n'ku Dedza, kumene boma lenilenilo lidakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limapitirira mamita 2,000. Ndimawauza kuti mu Juni ndi Julaye ana a ku Bembeke amapita kusukulu manja ali m'khwapa, miyendo itatuwa, chifunga chitatseka msewu moti galimoto zimayatsa nyali dzuwa litatuluka kale. Amagwedeza mutu mwaulemu, koma ndimaona kuti sakhulupirira kwenikweni. Chisanu chawo n'china ndithu: chimagwa choyera, chimaunjikana mpaka m'mawondo, ndipo nthaka imauma gwa kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Ndidabwera kudzaphunzira za mbewu ya kachewere, ndipo ndidagwera ku Pyeongchang, m'chigawo cha Gangwon, kumene kudachitikira masewero a Olimpiki a nyengo yozizira mu 2018. Kuno ndiko kuchimake kwa kachewere wa dziko lino. Mukakwera ku Daegwallyeong m'nyengo yawo ya mvula mupeza mizere ya kachewere ndi kabichi itakwera phiri, paini ali mbali zonse, chifunga chikutsika madzulo monga chimachitira ku Chongoni. Tsiku lina fungo la utuchi wa paini lidandipeza panjira, ndipo mtima udangoti ndayandikira macheka a pa boma. Anzanga ochokera kumaiko otentha amati ndili ndi mwayi chifukwa ndidapeza malo ofanana ndi kwathu. Sadziwa kuti malo akafanana kwambiri ndi kwanu m'pamene kupukwa kumakula. Maso amavomera, makutu n'kumakana.

Minda ya kuno ili zii. Alimi ambiri ndi okalamba, ntchito yaikulu amagwira ndi makina, ndipo wina akatsegula nyimbo zawo zachikale zotchedwa trot, amatsegula motsitsa, foni ili m'thumba. Kwathu dimba silikhala chete. Wailesi yakolekedwa pa nthambi ya pichesi, amayi akukumba kachewere uku akuvomera nyimbo, anyamata akusoka matumba ataika milomo yaitali ija kuti ogula a ku Blantyre asaderere, ndipo kutsidya kwa dambo wailesi ina ikuyankha. Chimene ndimasowa kuno ndi phokoso limenelo. Ndidazindikira mochedwa kuti phokosolo lidali ndi mwini wake, ndipo adandizindikiritsa ndi anthu a kuno omwe.

Titamaliza kukolola munda woyeserapo mbewu, aphunzitsi adatitengera kukadya nyama yootcha, kenako tidalowa m'tizipinda toyimbiramo timene amati noraebang. M'menemo muli sikirini, zinkuzamawu ziwiri ndi buku la manambala a nyimbo. Mukadina nambala, nyimbo isanayambe pa sikirini pamabwera mutu wake, dzina la woyimba, kenako mayina ena: amene adalemba mawu ndi amene adapeka mayimbidwe. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu adasankha nyimbo za BLACKPINK motsatizana, ndipo nthawi iliyonse ankaloza dzina limodzi lomwelo asanagwire chinkuzamawu. Dzinalo lidali Teddy. Ankalitchula monyadira, monga dzina la munthu amene dziko lonse liyenera kumudziwa.

Ndidafuna kudziwa kuti munthuyu ndani. Dzina lake lenileni ndi Park Hong-jun. Adabadwira ku Seoul mu 1978, adakakulira ku America, ndipo adabwerera kwawo kudzalowa gulu la 1TYM limene kampani ya YG idatulutsa mu 1998. Adali pa siteji, akuimba rap, anthu akumuimbira m'manja. Gululo litazilala, iye adachoka kutsogolo n'kukakhala mu situdiyo. Kuchokera m'chipinda chimenecho mudatuluka nyimbo zambiri za BIGBANG, nyimbo yoyamba ya atsikana a 2NE1 mu 2009, ndi nyimbo zimene BLACKPINK idayambira mu 2016 n'kumveka nazo dziko lonse lapansi. Adatsegulanso kampani yotchedwa The Black Label. Nkhope yake siioneka kawirikawiri, koma mwana wa sekondale aliyense amadziwa dzanja lake pa nyimbo.

Kapangidwe ka nyimbo kuno n'kodabwitsa. Nyimbo imodzi imatha kukhala ndi mayina asanu kapena kuposa. Wina amamanga ng'oma ndi besi pa kompyuta, wina amaika mayimbidwe pamwamba pake, wina amalemba mawu, ndipo woyimba wongoyerekeza amajambula kaye kuti akuluakulu a kampani amve asanasankhe gulu loipatsa. Makampani ena monga SM amaitana opeka nyimbo a ku Sweden ndi ku Norway kudzabindikira m'zipinda masiku angapo. Aliyense gawo lake limalembedwa, ndipo bungwe loona za umwini wa nyimbo, KOMCA, limene lidayamba mu 1964, limatolera ndalama ku wailesi, ku intaneti ngakhale ku tizipinda toyimbiramo tija, n'kugawira eni ake. Nambala imene mtsikana uja adadina usiku umenewo inkadyetsa munthu.

Potuluka, iye adandifunsa kuti, nanga kwanu amene ali kuseri kwa nyimbo zanu ndani? Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga padatuluka dzina la Paul Banda.

Chaka chimene Teddy adabadwa ndi chaka chimene mnyamata wa ku Balaka ameneyu ndi anzake adayamba Alleluya Band pa parishi ya Akatolika, mu 1978, ndi zoimbira zopanga okha, mpaka wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici, adawagwira dzanja. Mng'ono wake Lucius adayamba kuimba pambali pake mu 1983, ali ndi zaka 13. Nthawi imeneyo woyimba wa ku Malawi akafuna kujambula nyimbo, njira yodziwika idali yopita ku situdiyo za MBC ku Blantyre, ndipo nyimbo inkadutsa kaye m'makutu a anthu oyesa ngati ikuyenera kumveka. Munthu wa kumudzi wokhala ndi nyimbo mumtima sankadziwa khomo loti agogode. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Balaka kudatseguka situdiyo ya Imbirani Yahwe, imene tonse tinkangoti IY, ndipo amene adakhala pa makina adali Paul Banda. Khomo lidapezeka, ndipo silidali mumzinda.

Idali nthawi yotentha. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi onse a Akatolika, ndipo ine, ngakhale ndidali mwana, ndikukumbukira bata limene lidagwa m'tchalitchi, akuluakulu akuyang'anizana m'mbali. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka komweko, ndipo nyumba yosindikizirayo anthu adakaiyatsa moto. Mu Juni 1993 tidavota pa riferendamu, mu 1994 boma lidasintha, ndipo chaka chomwecho chimbale choyamba cha Lucius, Son of a Poor Man, chimene adakajambula ku South Africa, chidali pakamwa pa aliyense. Anthu amene adakhala zaka makumi atatu akunong'ona adayamba kuimba mokweza za mabala awo. Onsewo ankafuna powajambula, ndipo ambiri adalunjika ku Balaka. Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Isaac Liwotcha ndi ena ambiri ndi mayina amene adapanga chimene dziko lidayamba kutcha chamba cha Balaka.

Kwa ife a ku Dedza, Balaka sikudali kutali. Mumatsika ndi msewu wa M1, kudutsa pa Lizulu pamene mbali ina ya msewu ndi Mozambique, kudutsa pa Ntcheu, n'kukhota pa Chingeni. Koma kaseti zinkayenda njira yaitali zisanatipeze. Amalume anga ankakweza kachewere pa lole kupita ku Blantyre, atakhala pamwamba pa matumba usiku wonse, bulangete atafunda mpaka m'mutu. Akagulitsa, asanagule sopo kapena shuga, ankayamba alowa kwa O.G. Issa ku Limbe. Pobwera ankatsika pa mphambano ya ku Bembeke ali ndi kaseti yatsopano m'thumba la jekete, pulasitiki yake isanang'ambidwe, ndipo ife ana tinkawathamangira osati chifukwa cha buledi yekha.

Madzulo wailesi ya kaseti inkatuluka pakhonde. Mabatire adali atayanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa kuti abwezeko mphamvu. Pofuna kubweza nyimbo sitinkadina batani, poopa kutha moto. Amalume ankasolola kaseti, kulowetsa cholembera pa kabowo kake, n'kuizunguza m'mwamba mpaka tepi itabwerera poyambira. Tepi ikatafunidwa, ankaikoka pang'onopang'ono ndi chikhadabo, kuiwongola pa bondo, ndipo ikaduka ankailumikiza ndi utoto wopaka m'zikhadabo wa achemwali. Pamalo olumikizapo nyimbo inkadumpha mawu awiri, ndipo mpaka lero ndikaimva pa intaneti ili yathunthu, khutu langa limadikira kudumpha kuja. Kunja kukuzizira, mbaula ili pakati, chimanga chikukazingidwa, anthu oyandikana nafe akubwera mmodzimmodzi atafunda zitenje. Nyimbo isanafike pa mawu, munthu ankadziwa kale kuti iyi n'ja ku Balaka: kiyibodi ikutsegula njira, ng'oma za makina zikuyenda mosapupuluma, besi ikutsika ndi kukwera pansi pake, gitala ikudula pakati mwa chireggae, ndipo ovomera akubwera mogwirizana monga adaphunzirira mu kwaya ya tchalitchi. Agogo, amene sankafuna kumva nyimbo za m'mabala, izi ankazilola. Zidali nyimbo zimene mwana ndi kholo ankamvera limodzi popanda wina kuchita manyazi.

Tinkadziwa mayina a oyimba onse. Tinkakangana kuti wamkulu ndani pakati pa Billy ndi Mlaka. Koma sindikumbukira tsiku limene wina adatembenuza chikuto cha kaseti kuti awerenge timalemba ta pansi, pamene padalembedwa situdiyo ndi munthu amene adajambula. Paul Banda tinkamudziwa ngati woyimba wa Malilime, wa mawu ofatsa aja, mkulu wake wa Lucius. Sitinkadziwa kuti chimene tinkakonda mwa oyimba ambiriwo, kakomedwe kamene kankawalumikiza, kadali khutu la munthu amene adakhala pa makina. Ndiye amati apa besi itsike, apa ovomera alowe, vesi iyi yatalika. Mnyamata amabwera ndi mawu m'kope ndi mayimbidwe a pakamwa, n'kubwerera ndi chimbale. Ife alimi a kachewere timazidziwa izi: mbewu imene udakwirira imafota n'kuolera pansi, ndipo pokolola palibe amene amaifunsa, onse amayamika thumba.

Ndikudziwa zimene ena ankanena. Ankati nyimbo za ku Balaka zonse n'zofanana, ng'oma imodzimodzi, kiyibodi imodzimodzi, reggae yobwereka kwa Lucky Dube. Ankati zidaphimba magitala a Allan Namoko ndi a Daniel Kachamba, ndiponso kuti nyimbo zenizeni za Chimalawi zidali kwa Wambali Mkandawire. Mawuwa ali ndi choonadi chake, makamaka pamene otsanzira adachuluka, aliyense wokhala ndi kiyibodi n'kudzitcha wojambula nyimbo. Koma amene amanena zimenezi amaiwala kuti munthuyu adali ndi zida zochepa, m'tauni yaing'ono, m'dziko limene lidali lisanakhalepo ndi msika wa nyimbo zakezake. Tisanamve Balaka, pa ukwati ndi m'mabasi munkalamulira rumba ya ku Zaire, sungura ya ku Zimbabwe ndi nyimbo za ku Joni. Balaka itabwera, Mmalawi adayamba kutulutsa ndalama m'thumba kugula nyimbo ya m'Chichewa. Amene adabwera pambuyo, a Evison Matafale ndi Black Missionaries a ku Chileka, ndi ojambula ena monga malemu Joseph Tembo amene adatisiya mu 2019, adapeza anthu ataphunzira kale kugula zakwawo. Komanso kuno ndaona kuti kufanana kwa nyimbo za situdiyo imodzi sakuyesa chilema. Amakutcha chizindikiro cha kampani, ndipo amachisamala.

Sindisirira zonse za kuno. Ana amalowa m'makampaniwa ali aang'ono, amakhala zaka akuphunzira kuvina ndi kuimba kutali ndi makolo, akuyezedwa thupi, ndipo ambiri amabwezedwa osaonekapo pa siteji. Sindingafune mwana wa mlongo wanga adutse m'menemo. Nyimbo zawonso, ngakhale zili zosalala, sizindifika pamtima, zimandidutsa pamwamba. Chimene chimandipweteka ndi nkhani ya dzina ndi ya malipiro. Kwathu woyimba ankalipira situdiyo kamodzi, n'kutenga chimbale kupita nacho kwa wogulitsa, ndipo nthawi zambiri nkhani ya wojambula inkathera pomwepo, ngakhale nyimboyo iimbidwe zaka makumi awiri. COSOMA idakhazikitsidwa mu 1992, idayesa kumata zizindikiro zake pa kaseti kuti zakuba zidziwike, koma ma CD atabwera, kenako mafulashi ndi mamemore khadi, pa msika uliwonse padamera kashopu kobenera nyimbo. Pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Lobi, mnyamata wa kompyuta imodzi amakudzazirani ntchito ya moyo wonse wa munthu pa mtengo wa mbale ya chipisi. Lamulo latsopano la 2016 lidabweretsa ndalama yodulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo, ndipo oyimba ayamba kulandirako. N'zabwino. Koma nyimbo imene ili m'memore khadi ilibe chikuto. Timalemba ta pansi tija tidatsala pa kaseti, ndipo kasetizo zikudyedwa ndi chinyezi m'makatoni.

Juni wa 2024 adandipeza kuno. Pa 10 ndege idagwa ku Chikangawa, ndipo patapita masiku ochepa ndidaonera pa Facebook mdipiti wa maliro a Saulos Chilima, amene adafera pa ngoziyo, ukudutsa pa Dedza kupita ku Nsipe, anthu ali m'mbali mwa msewu umene ndimaudziwa khona lililonse. Misozi isanaume, pa 30 Juni, Lucius Banda adamwalira ku Johannesburg. Kuno tili patsogolo ndi maola asanu ndi awiri, choncho uthenga wa usiku wa kwathu umandipeza m'mamawa, ndikukonzeka kupita kumunda. Tsikulo ndidagwira ntchito pakati pa anthu abwino amene sadadziwe kuti kwagwa mtengo wanji, ndipo ndidalibe mawu owafotokozera. Maganizo anga adali pa mkulu wake, amene adamuphunzitsa kuimba ali kamnyamata.

Patangotha milungu itatu, pa 21 Julaye, kuno kudamwalira Kim Min-ki, ndipo ndidaona aphunzitsi anga, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, akupukuta m'maso. Adandiuza kuti munthuyu adapeka nyimbo yotchedwa Achim Isul, imene boma la asilikali lidailetsa mu 1975, koma makamu adaiimba m'misewu mu 1987 pofuna demokalase. Pambuyo pake adatsegula kanyumba ka zisudzo kotchedwa Hakchon ku Seoul, kumene adalera oyimba ndi azisudzo ambiri, iye mwini osafuna kuonekera. Ndipamene ndidadziwa kuti dziko la BLACKPINK lidadutsanso m'nthawi yonong'ona ngati yathu. Ndidawauza za Balaka, za kalata ya maepiskopi, za abale awiri a m'mudzi wa Sosola. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenako adandifunsa funso limene mpaka lero likundivutitsa: matepi oyambirira a nyimbozo akusungidwa kuti, ndipo ndani adalemba mayina a amene adaimba zida?

Kuyambira pamenepo ndidagula kope. Lamlungu usiku, kwathu kukali madzulo, ndimaimba pa WhatsApp ya msuweni wanga, iye n'kupita nayo foni kwa amalume. Katoni ya kaseti ikadalipo, pansi pa bedi, yokutidwa ndi thumba la feteleza. Amalume maso adayamba kuchita chidima, ndiye amatulutsa kaseti imodziimodzi, kuipukuta ndi malaya, n'kupatsa msuweni kuti awerenge chikuto. Ine ndimalemba: mutu wa chimbale, woyimba, situdiyo, wojambula, woimba besi, ovomera, chaka ngati chilipo. Zikuto zina zidanyowa, zilembo zidafufutika. Pamenepo amalume amatseka maso n'kukumbukira kuti kasetiyo adagula chaka chimene kachewere adapsa ndi chiwawu, kapena chaka chimene adamanga nyumba ya malata, ndipo timawerengera kuchokera pamenepo. Nthawi zina amaiwala kuti bandulo ikutha, n'kuyamba kufotokoza za dansi imene Alleluya idadzaimba, mmene adayendera wapansi usiku kubwerera kumudzi, mame atanyowetsa buluku mpaka m'mawondo.

Sabata yatha ndidawapempha kuti, amalume, bwanji kasetizo mupatsire munthu wobwera kuno, ndizisamutsire pa kompyuta zisanawonongeke? Adakhala chete pang'ono, kenako adati: "Mphwanga, kasetizi sizikwera ndege. Ukazifuna ubwere, udzazimvere pakhonde pano. Makina akowo udzabwere nawo." Ndidavomera, chifukwa adanena zoona, ndipo ndayamba kale kufunsa mtengo wa kachipangizo kosamutsira nyimbo kuchoka pa kaseti. Asanabweze foni adafunsa ngati kumene ndikuphunzirako kuli mbewu yopirira chiwawu, poti chaka chino mankhwala akwera mtengo ndipo dimba la kumunsi lidapsa theka. Ndidawafotokozera kuti mbewu siidutsa malire popanda chilolezo, koma njira yochulukitsira mbewu yopanda matenda ndiyo ndidzabwera nayo m'mutu, tidzayesere limodzi. Adati chabwino, ndipo tidapangana kuti Lamlungu likudzali tiyambira pa kaseti za Mlaka.